Mapepala Awiri pa Firiji

Pachitseko cha firiji yathu pali mapepala awiri,
onse apanidwa ndi kamaginito kamodzi,
kansomba kapulasitiki komwe Odessa anagula ku Mackinac
chaka chomwe tinali tikadali ndi galimoto.

Loyamba n'kakhadi chabe.
Boma la Michigan likuti mkazi wanga ndi wodwala,
aloledwe chamba chake.
Dzina analakwitsa chilembo chimodzi, koma ndi lake.

Lachiwiri analilowetsa pansi pa chitseko
ife tili kuchipatala.
Likuti ndalama za nyumba ino zimachokera ku Washington,
ndipo ku Washington chamba n'chamba basi,
kaya wasuta mnyamata kuseri kwa sitolo,
kaya wadontheza pakamwa mayi wotsala mafupa okhaokha.
Masiku makumi atatu.
Tisiye, apo ayi tisamuke.

Ine ndatha zaka makumi atatu ndi ziwiri
ndikukonza mabasi a sukulu kuno ku Saginaw.
Ndikudziwa zomwe zimachitika
mawaya awiri a moto akakhudzana:
chimapsa ndi fyuzi, kanthu kotchipa kaja.

Komatu Odessa sasuta.
Ndi mafuta, m'kabotolo kofiirira,
madontho atatu pansi pa lilime pogona.
Asanawayambe ankasanza mpaka ndulu,
supuni ya msuzi inkabwerera momwe yalowera,
ine nditagwira beseni,
ndikuwerenga matailosi a kubafa kuti ndisalire.
Tsopano amadya theka la dzira.
Lamlungu lapitali anapempha mapichesi a m'chitini,
ndinatuluka m'chipale chofewa nditavala masilipasi
osazindikira mpaka pa kauntala.

Ndinapita kwa Mayi Pruitt, oyang'anira nyumbazi.
Anandipatsa mpando, anandipatsa khofi.
Anati, Bambo Tackett, mayi anga anapita ndi matenda omwewa,
koma ndikatsinzina dala
ndalama za mabanja onse makumi asanu ndi limodzi ziima.
Ankalankhula akuwongola mapepala owongoka kale.

Dokotala Halvorsen anati musasiye.
Loya waulere wa kutchalitchi anavula magalasi
n'kunena kuti malamulo onse awiri ndi oona.
Ndinamufunsa kuti mwa awiriwo
lomwe lili ndi denga ndi liti.
Anandilembera nambala ina ya foni.

Amati mapanga awiri avumbwitsa.
Ife sitinathamangire phanga lililonse,
mvula yatipeza tili pakama pathu.

Usiku ndimasinkhasinkha za yemwe anakanena.
Mwina bambo wa pa nambala 14, tinakanganapo za wailesi.
Mwina mnyamata wokonza mipope, anaona kabotolo pa sinki.
Mwinanso Odessa mwini wake, m'chikepe,
pouza aliyense kuti wagona mpaka mbandakucha
koyamba chichokereni Okutobala.
Sanaphunzirepo kubisa chimwemwe mkazi ameneyu,
n'chifukwa chake ndinam'kwatira.

Panja pa ofesi mbendera ziwiri zili pa mlongoti umodzi,
ya nyenyezi pamwamba, yathu yabuluu pansi.
Mphepo ikawomba zimaloza mbali imodzi,
wodutsa angaganize kuti zimamvana.

Mchemwali wake ku Indiana akuti bwerani, chipinda chilipo.
Koma kumeneko kakhadi kathu sikagula kanthu,
ndipo kabotolo kakangodutsa malire m'thumba langa
ndasanduka wozembetsa,
ine amene sindinalipitsidwepo ngakhale chindapusa cha pamsewu.

Lero ndi tsiku la khumi ndi chimodzi.
Ndatola makatoni kuseri kwa golosale,
ndawaimika m'khonde, osawatsegula.
Odessa wawaona, sananene kanthu,
wangofunsa ngati mapichesi aja atsalako.

Orrin, yakwana naini, akuitana kuchipinda.

Ndatsegula firiji.
Mapepala aja agwedezeka, kansomba kagwirabe.
Ndayatsa kanyali ka pambali pa bedi,
wakweza lilime ngati mwana wa mbalame,
ndipo dzanja langa, lozolowera sipanala,
likuwerenga mosanjenjemera:
limodzi,
awiri,
atatu.